Nsomba Zimene Zimadyera Pansi

Panali munthu wina amene anakalambira pa ntchito yolondera mtsinje wa pamwamba pa phiri. Mtsinjewo unali waung'ono, woti munthu n'kuwoloka podumpha miyala, koma madzi ake anali oyera ndi ozizira chaka chonse. M'menemo munkakhala nsomba zamawangamawanga zotchedwa tirauti, zimene anthu akunja anabwera nazo kalekale. Nsomba zimenezi sizikhala m'madzi ofunda a kuchigwa. Ntchito ya munthuyu inali kuthamangitsa othira katupe, kulambula tinjira ta m'mbali mwa madzi, ndi kuperekeza alendo obwera kudzawedza.

Alendowo sankawedza ndi nyongolotsi. Nyambo yawo inali yopanga: kambedza kokulungidwa ndi nthenga ndi ulusi mpaka kaoneke ngati kachirombo kamoyo. Ambiri ankakonda nyambo yoyandama, chifukwa nsomba ikabwera kudzaimeza imaonekera pamwamba, madzi n'kuwinduka, munthu n'kukhala ndi nkhani yokasimba kwawo. Tsiku limene nsomba sizinatulukire pamwamba, alendo ankapinda ndodo zawo n'kunena kuti mtsinje watha nsomba. Mlondayo sankawatsutsa. Koma zaka zinamuphunzitsa kuti nsombazo zimadyera pamwamba mwa apo ndi apo chabe. Chakudya chazo cha tsiku ndi tsiku chili pansi: timphutsi ndi tizirombo tokhala kunsi kwa miyala, timene madzi amatikokolola n'kumatigubuduza pafupi ndi mchenga. Choncho iye anaphunzira kuwedza kwa pansi, kumene wowedza saona nsomba, saona mbedza, amangoona chingwe chake chokha.

Munthuyu sanali mbadwa ya kuphiriko. Anabwera ali mnyamata, nakwatira m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, nakhala pachikamwini monga mwa mwambo wa kumeneko. Ana ake aamuna atakula anapita kukakwatira kwina. Pakhomo panatsala mwana wamkazi mmodzi, dzina lake Elube, amene ali wamng'ono ankatolera bambo ake nthenga za nkhanga zopangira nyambo.

Elube anakwatiwa ndi mmisiri wokonza njinga wochokera kutali, cha ku Ntchisi. Anali munthu wa mawu ochepa. Anamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, natsegula kachisakasa ka njinga pamsika, ndipo iye ndi Elube anabereka ana awiri aakazi, wamkulu Mwandida. Mkulu wolondera mtsinje uja ndi mkamwini wake ankalemekezana kwambiri, ulemu uja umene umasiya bwalo lonse pakati pa anthu awiri. M'zaka zisanu ndi zitatu anali asanakhalepo pa benchi imodzi.

Chaka china, mvula ili pakati, Elube anadwala masiku asanu ndi anayi, namwalira.

Pa maliro mkamwiniyo sanalire mokweza. Anakhala pamkeka, manja ali pamawondo, nayankha aliyense wompepesa mwaulemu. Atameta, sipanapite masiku atatu, anapita kukatsegula chisakasa chake. Ankalawira m'mawa n'kubwerera dzuwa litapendeka. Akafunsidwa za moyo ankati ali bwino. Amayi a m'mudzimo anaona zonsezi. Ena ankati ndi munthu wolimba mtima. Ena ankati mtima wake unanyamuka kale, watsogola kwawo, pano pangotsala thupi.

Mwambo wa kumeneko unali wakuti mkazi akamwalira, patapita nthawi, abale a mbali zonse ziwiri amakumana kuti asudzule mwamuna, ndiko kummasula kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. Ana amatsala, pakuti ndi a mbumba ya mayi awo. Koma mkamwini wofuna kukhala, ngati eni mudzi amkonda, amaloledwa kukhala n'kulera ana ake pomwepo. Mwinimbumba anali malume ake a Elube, mlongo wake wa mkazi wa mkulu uja, ndipo sanali munthu wankhanza. Kawiri konse anaitana mkamwiniyo n'kumufunsa chimene mtima wake ukufuna. Kawiri konse yankho linali limodzi: “Mmene mwaonera eni ake, ine ndilibe mawu.” Mwinimbumba anati munthu wofuna kukhala akananena. Anatumiza uthenga ku Ntchisi, ndipo tsiku losudzula linaikidwa, Loweruka lina chimanga chikuyamba kuuma.

Mkuluyo sankafuna kuti adzukulu ake, atataya mayi, atayenso bambo. Koma pa nkhani ya mbumba analibe mpando. Anayesapo kufunsa yekha, tsiku lina atakumana pachipata, ndipo mkamwiniyo anavula chipewa nati ali bwino, palibe chovuta. Lachitatu la sabata yomalizayo mkuluyo anaiyamba nkhaniyo kwa mkazi wake, amene ankasongola nyemba pakhonde. Mayiyo anati iyenso ankamukonda mkamwiniyo, koma munthu amene sanagwetse ndi msozi umodzi womwe sungamumange ndi chingwe.

“Nanga ine munandiona ndikulira?” anafunsa mkuluyo.

“Inu ndi nkhani ina. Inu mumakalirira kumtsinje, n'kubwera mukunamizira chimfine. Ndimakudziwani.”

Mkazi wake anaonjeza kuti asavutike mutu, chifukwa m'mudzi muno iyenso ndi wobwera. Iye anati zaka makumi anayi ndi zitatu si zochepa. Mayiyo anati inde, ndi wobwera wochedwa kunyamuka. Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka koyamba m'nyumbamo chimwalirireni mwana wawo, ndipo kunatha msanga.

M'mawa wa Lachinayi mkuluyo anaima patali ndi khomo la mkamwini wake naodira. Anati akufuna kukwera kumtsinje kamodzi kokha mvula isanatheretu, koma mawondo ake sakudalirika pamiyala yoterera, ndiye akupempha woperekeza. Mkamwiniyo anayang'ana njira ya kumsika, nazengereza pang'ono, ngati munthu amene ali ndi ntchito yomudikira. Koma mpongozi sakanidwa. Anatenga thumba ndi ndodo yowedzera, natsata pambuyo.

Anakwera maola awiri osalankhula zambiri. Mkuluyo sankadziwa chimene akanene. Ankangodziwa kuti pakhomo, pamaso pa anthu, munthuyu sadzatulutsa mawu.

Atafika, nkhungu inali itangochoka pamadzi. Mkamwiniyo anayang'ana dziwe loyamba. Miyala ya pansi inkaoneka umodziumodzi, koma panalibe chinthu chogwedezeka. Ananena mwaulemu kuti mwina nsomba zinasamuka ndi madzi osefukira. Mkuluyo anati alendo ambiri ophunzira ananenapo mawu omwewo ataima pamalo omwewo. Kenaka anapinda buluku lake, nalowa m'mbali mwa madzi, natukula mwala waukulu ngati mutu wa mbuzi, nautembenuza. Kunsi kwake kunali tizirombo tofiirira, taphanthi, tamichira itatu, tikuthawa kuwala. Tina mwa ito tinali m'tinyumba ta mchenga tomatirira pamwalapo.

Anati kuwedza kumayambira pamenepo. Munthu asanatsegule kabokosi ka nyambo, ayambe wafunsa mtsinje chimene nsomba zikudya lero, chifukwa chimene zinadya mwezi watha si chimene zikudya tsopano. Wobwera ndi nyambo imene iye mwini amaikonda amabwerera nayo yosanyowa bwino. Anabwezera mwalawo mmene unalili, natsegula kachitini kake kakale ka fodya. Munali nyambo zimene anamanga yekha. Sizinali zokongola. Anasankha kamodzi kofanana ndi tizirombo tija, kopangidwa ndi nthenga ya nkhanga, kozengedwa ndi waya wamkuwa wochokera m'wailesi yakufa. Anati wayayo ndi wolemeretsa, kuti nyambo imire msanga ifike kumene kuli pakamwa pa nsomba. Ikadutsa chikhatho chimodzi pamwamba pake, nsomba ya m'madzi ozizira siidzuka kuitsata.

Kumapeto kwa chingwe kunali ulusi woonda ngati tsitsi, wosaoneka m'madzi. Pamwamba pake, mtunda wofanana ndi kuya kwa dziwe, anamangapo kansalu koyera kakang'ono. Anati popeza mbedza siioneka, kansaluko ndiye maso a wowedza.

Ndipo anamuphunzitsa. Nsomba zimayang'ana kumtunda, kumene chakudya chimachokera, choncho wowedza amabwera chakumunsi, kumbuyo kwazo, osaponda mwamphamvu, osagwetsa chithunzithunzi chake pamadzi. Saponya kutali. Amangoponya mapazi ochepa chakumtunda, n'kukweza ndodo kuti chingwe chisagone pamadzi, n'kuilola nyambo ibwere yokha. Nsonga ya ndodo imangoperekeza, osatsogola, osatsalira.

Mkamwiniyo anali ndi manja a mmisiri, ndipo anagwira msanga kaponyedwe. Koma nyambo ikangomira ankaikoka pang'onopang'ono, poganiza kuti akuipatsa moyo. Mkuluyo anamuuza kuti asiye. Kachirombo kokokoloka ndi madzi kalibe mphamvu yothamanga kuposa madziwo. Chinthu chimene chikuyenda mwa liwiro lake, osati la mtsinje, nsomba imadziwa kuti chili ndi mwini kumtunda, ndipo imatseka pakamwa.

Anaponyanso. Kansalu kanayenda ndi madzi, kenaka kanaima pang'ono, ngati munthu wopunthwa osagwa, n'kupitirira.

“Imeneyo inali nsomba, bambo a Mwandida.”

“Ndimayesa mwala, bambo.”

Mkuluyo anati mwina unalidi mwala. Koma nsomba ya pansi siikoka ngati mlamba. Imangotsegula pakamwa, kulawa, ikamva chitsulo n'kulavula, zonsezo m'kuphethira kwa diso. Chizindikiro chake ndi chomwecho basi: kansalu kuima, kapena kupendekera pambali, kapena kumira chala chimodzi. Wodikira kuti atsimikize amapeza italavula kale. Ndi bwino kukwezera miyala khumi kusiyana ndi kuphonya nsomba imodzi imene inabwera. Ndipo kukwezako kusakhale kozula ngati chinangwa. Ulusi ndi woonda.

Anayenda chokwera mtsinje, dziwe ndi dziwe. Mkamwiniyo anakwezera miyala yambiri. Dzuwa lili pafupi kufika pamutu anagwira kansomba kotalika ngati chikhatho. Anakayang'ana nthawi yaitali, mawanga ake ndi mzere wofiirira wa m'nthiti, nafunsa ngati m'dziwe lija loyamba munalinso zotere. Mkuluyo anati munali zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zinkawaona iwo bwinobwino. Anamuonetsa kunyowetsa manja asanakagwire, kukavula mbedza, ndi kukabwezera m'madzi kakule.

Anadya chinangwa chophika atakhala pamiyala iwiri yotalikirana. Mkuluyo anali ndi funso lake pakhosi. Analimeza pamodzi ndi chinangwacho.

Atayambanso, mphepo inawomba, ndipo mkamwiniyo anakola nthambi ya mtengo wa patsidya. Anakoka, ulusi unaduka, nyambo ndi kansalu zinatsala zikulendewera m'mwamba. Anayamba kupepesa ngati wathyola chinthu chamtengo wapatali. Mkuluyo anati asadandaule, mtengo umenewo wawedzedwapo ndi majaji ndi madokotala, ndipo palibe anautulutsa.

Anamanga nyambo ina. Kansalu kena analibe. Anafufuza m'thumba, nazengereza, kenaka anatulutsa kampira ka ulusi wolukira juzi, wofiira, kakakulu ngati dzira la nkhuku. Anadulako kachidutswa namanga pachingwe. Sanayang'ane mkamwini wake, choncho sanaone mmene maso a munthuyo anakhalira pa kampirako mpaka kanabwerera m'thumba.

Anafika pa dziwe lakuya la m'munsi mwa mathithi, pamene madzi amagunda thanthwe n'kubwerera. Mkuluyo anati pamenepa pamafuna dzanja lozolowera, aone kaye. Anatenga ndodo, naima m'madzi ofika m'mawondo, naponya. Ulusi wofiira unatera pathovu, nuyamba kutsika m'mbali mwa thanthwe.

Kumbuyo kwake kunamveka mawu, otsika, ngati a munthu wolankhula asanaganize.

“Bambo, ulusi umenewo...”

Nthawi yomweyo ulusiwo unaima. Dzanja la mkuluyo linakweza lokha, monga linachitira zaka zonse. Ndodo inapindika mpaka pachigwiriro. Pansi pa dziwe panang'anima chinthu chotalika ngati mkono, ndipo chingwe chinayamba kuthawa chikulira. Nsomba yotere anali ataigwirapo kawiri kokha moyo wake wonse, ndipo pa msinkhu wake sankayembekezera yachitatu.

Mkamwiniyo anameza mawu ake. Anati yagwira, nathamangira kukatenga kaukonde kotulutsira nsomba.

Mkuluyo anaimva nsombayo m'manja mwake, kulemera kwake ndi ukali wake. Ankadziwa ntchito imene inali patsogolo. Pa ulusi woonda chotero, nsomba yaikulu imafuna nthawi yaitali: kuilola ithawe, kuibweza, kuitsata chotsika mtsinje, maso ndi mtima zonse zili pamadzi. Ankadziwanso chimene chidzatsale pambuyo pake. Nsomba idzagona paudzu, mkamwini adzawomba m'manja mwaulemu n'kuyamika luso la apongozi, adzatsika phiri akusimba za nsombayo, ndipo mawu aja sadzabweranso. Miyezi iwiri yathunthu munthuyu anali asanayambepo yekha chiganizo. Mwina linali funso wamba la ulusi. Mwina unali mwala chabe. Loweruka linali mkuja.

Anatsitsa ndodo, nailozetsa kwa nsombayo, nagwira chingwe ndi dzanja kuti chisapitenso. Ulusi woonda uja unakungika, nuduka. Ndodo inawongoka.

Mkamwiniyo anaima ndi kaukonde m'manja. “Yadula, bambo?”

“Ndadula ndine.”

Mkuluyo anatuluka m'madzi, nagoneka ndodo paudzu, nakhala pathanthwe lalitali loyang'ana kudziwe. Anasiya malo pambali pake. Sanamuyang'ane kumaso.

“Munayamba kunena za ulusi,” anatero. “Ndikumva.”

Mkamwiniyo anaima nthawi yaitali. Madzi ankangogwa. Mkuluyo sanabwereze, sanathandizire, sanakhosomole n'komwe. Potsiriza munthuyo anadza nakhala pathanthwe lomwelo, kumapeto kwenikweni, nafunsa kumene ulusiwo anautenga. Mkuluyo anati anampatsa ndi Elube, mwezi umodzi asanadwale, ponena kuti maso a nkhalamba amaona chofiira bwino kuposa choyera. Anali asanaugwiritsepo ntchito. Ankangoyenda nawo.

Pamenepo mkamwiniyo analankhula, pang'onopang'ono, akuyang'ana manja ake. Anati Elube ankalukira Mwandida juzi ya ulusi womwewo, yovala kusukulu nyengo yozizira. Singano zolukira anamupangira iye mwini ndi masipoko a njinga, kale asanakwatirane. Matenda anamupeza atamaliza kumsana, kutsogolo ndi mkono umodzi. Ali m'chipatala anamuuza moseka kuti manja odziwa kuluka masipoko makumi atatu ndi asanu ndi limodzi sangalephere awiri. Iye anayankha mosekanso kuti Elube adzamaliza yekha akachira.

Ndicho chimene ankapitira kumsika. Njinga sankakonza zambiri. Ankakhala kuseri kwa chisakasa, kumene anthu a m'mudzi sangamuone, ndipo mayi wina wogulitsa tomato ankamuonetsa kaponyedwe ka ulusi. Mkono wachiwiriwo anali ataumasula kasanu ndi kamodzi, chifukwa unkatuluka wokhwimitsa kuposa wa Elube, ndipo iye sankafuna kuti mwana adzadziwe pamene mayi ake analekera. Tsopano unali utayamba kufanana, koma ulusi unamuthera kutatsala zala zitatu kuti mkonowo uthe. M'masitolo ulusi wofiira ulimo, koma si kufiira kumeneku. Ankafuna kumaliza lisanafike Loweruka, kuti akamapita amusiyire mwanayo chinthu chofunda.

Mkuluyo anatulutsa kampira kaja, nakaika pathanthwe pakati pawo. Anati kaya kakwana kaya sikakwana, aone okha amisiri. Mkamwiniyo anakatola ndi manja awiri.

Kenaka, osafunsidwa, mkamwiniyo anati:

“Ine sindikufuna kupita, bambo. Mwandida sagona ndisanamufunde. Wamng'onoyu akadzuka amafuna ine. Koma kwathu anandiphunzitsa kuti mkamwini sapempha malo. Kupempha kukhala kuli ngati kulanda ana a eni, ndipo ine ndinalephera kale kuwasungira mwana wawo. Ndinkadikira kuti wina anene kuti khalani. Anangondifunsa chimene ndikufuna.”

Mkuluyo anagwedeza mutu. Anati mwana wakeyo anasungidwa bwino, ndipo iye monga bambo anaona ndi maso ake zaka zisanu ndi zitatu. Kenaka anati za kudikirazo akuzidziwa.

“Ine ndakhala pamudzi paja zaka makumi anayi ndi zitatu. Palibe anandiuzapo kuti khalani. Anangoiwala kundithamangitsa.”

Mkamwiniyo anaseka, ndipo kusekako kunathyoka pakati. Anaweramira pamawondo ake nalira, kulira kwa munthu wamkulu amene wasunga nthawi yaitali. Mkuluyo sanamuletse, sanamuuze kuti alimbe mtima. Anangosendera pafupi mpaka mapewa awo anagundana, nalira naye. Analirira munthu mmodzi, wina mkazi wake, wina mwana wake, ndipo mathithi anabisa mawu awo.

Anatsika phiri dzuwa likadalipo. Mkuluyo sakanatha kuima pabwalo la mbumba, ndipo sanayese. Anapeza mkazi wake akupeta, namuuza zonse, za masipoko, za mkono womasulidwa kasanu ndi kamodzi, ndi za mawu amene mkamwini ankadikira. Mayiyo anaika lichero pansi. Kenaka anamanga chitenje bwino, napita kwa mlongo wake, nkhuku n'kutsala zikudya chimanga.

Loweruka abale a ku Ntchisi anafika, anthu nakhala pabwalo. Mwambo unachitika wonse. Koma pofika pamapeto mwinimbumba sanafunse funso. Anati monga mwa mwambo amumasula, palibe mlandu pakati pawo. Koma nyumba ija ndi yake, ana aja ndi ake, ndipo mbumba yonse ikumupempha kuti akhale.

Mkamwiniyo anagwada nati, “Zikomo.” Sanaonjezere kanthu. Amayi ena kumbuyo ananong'onezana kuti munthu ameneyu ndi wouma ndithu, ngakhale lero alibe mawu. Mkuluyo anali atakhala kumapeto kwa bwalo, pamalo a akamwini, ndipo anamva mmene liwu limodzilo linanjenjemerera. Iye linamukwana.

Abale anga, inu amene mwamva fanizoli, pali munthu pafupi nanu amene mumamufunsa za moyo nayankha kuti ali bwino. Mwina mumadya naye m'mbale imodzi. Mwayang'ana pamwamba, simunaone kanthu, ndipo mwayamba kunena mumtima kuti dziwe limeneli mulibe nsomba. Musafulumire. Si onse a njala amene amatulukira pamwamba, ndipo ena anaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti kupempha n'kulanda. Otere funso lolunjika limawadutsa pamutu. Pitani kumene iwo ali, muyende nawo mwa liwiro lawo, osawakoka.

Tsiku lina adzayamba mawu n'kuwasiyira panjira. Sadzasankha nthawi yabwino. Adzakupezani manja ali odzaza, mutagwira chinthu chimene mwachidikira zaka zambiri, ndipo mtima udzakuuzani kuti mumalize kaye, mudzamva pambuyo pake. Pambuyo pake sipakhala mawu. Ena a ife tinamaliza kaye, ndipo amene ankafuna kulankhula nafe tsopano ali kumanda. Mkulu uja nsomba yakeyo sanaionenso, ndipo sanadandaulepo. Inunso dulani chingwe, mukhale pansi, mumve.